Zipolopolo Zodzaza Pamanja: Akatswiri Owombera Chandamale Amafunanji Pamenepa?

Ku America, ku Britain, ku South Africa ndi kumayiko ena kumene kuwombera chandamale ndi masewera okhazikika, kuli anthu ambiri amene sagula zipolopolo zothaitha kusitolo. Amagula zipangizo zake paderapadera, n'kukhala patebulo madzulo, kumadzaza chimodzichimodzi modekha. Kwa ife amene mfuti timangoiona m'manja mwa apolisi, asilikali ndi alonda a nkhalango, nkhaniyi imadzutsa mafunso, ena a mantha, ena a chidwi.

Kodi anthuwa amapanga zipolopolo kunyumba kwawo?

Sapanga, amangolumikiza zinthu zinayi zochokera kufakitale. Choyamba ndi chigoba chamkuwa, chomwe nthawi zambiri chimakhala magawo 70 kopa ndi magawo 30 zinki. Kuthako kwa chigobacho kumalowa kakapu kakang'ono kotchedwa primer, kamene kamathetheka moto kakamenyedwa ndi kachitsulo ka mfuti munthu akakhethemula. M'kati mumathiridwa onga, ndipo kukamwa kumakhala mutu, womwe ndi mtovu wokutidwa ndi kopa. Mutuwo ndi wokhawo umene umauluka kukafika pachandamale. Onga umapsa, primer imatha ntchito, koma chigoba chimatsala chathunthu, ndipo ndicho chodula kwambiri pa zinayizi. Ntchito yonse yagona pa kuchitola, kuchikonza ndi kuchidzazanso. Onga ndi primer palibe wanzeru amene amayesa kuzipanga yekha. Ngakhale m'mafakitale ake ntchitoyi imatenga miyoyo: mu September 2018 antchito 8 anafa pa kuphulika kumene kunachitika pafakitale ya Rheinmetall Denel Munition kufupi ndi Somerset West, komwe kumachokera onga wa Somchem umene odzaza ambiri a ku South Africa akhala akudalira.

Si zofanana ndi mmene alenje akale ankathirira onga mu gogodela?

Zimafanana poti munthu akuyeza onga ndi manja ake, basi. Gogodela amadyera kukamwa ndipo onga wake ndi wakuda uja wofuka utsi. Mfuti zamakono zimagwiritsa ntchito onga wopanda utsi, umene katswiri wa ku France Paul Vieille anautulukira mu 1884. Onga umenewu ndi wamphamvu kwambiri kuposa wakudawo, ndipo ulipo wamitundu yambirimbiri, wina wopsa msanga, wina wopsa pang'onopang'ono. Mlenje wa gogodela ankatha kuyeza ndi maso kapena pachikhatho. Wodzaza zipolopolo za masiku ano akayeza ndi maso, waika nkhope yake ndi zala zake pangozi. Muyeso wake ndi grain: ma grain 7,000 amapanga paundi imodzi, ndipo galamu imodzi ndi ma grain opitirira pang'ono 15. Sikelo wamba wa ntchitoyi amawerenga mpaka 0.1 grain, pomwe ena odula amafika 0.02 grain, kulemera kwa kambewu kamodzi ka mitundu ina ya onga.

Lamulo limalola zimenezi?

Zimatengera dziko. Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la 2000 limalola munthu amene ali ndi laisensi ya mfuti kudzaza zipolopolo za mfuti yomweyo, koma asasunge ma primer opitirira 2,400 kapena zipolopolo zopitirira 200 pa mfuti iliyonse, pokhapokha atavomerezedwa mwapadera, monga mmene zimakhalira ndi alenje ndi ochita masewera olembetsedwa. Ku Britain sungagule primer popanda kuonetsa chiphaso cha mfuti. Ku Germany munthu amayamba waphunzira ndi kukhoza mayeso asanapatsidwe chilolezo chogula onga. Ku America malamulo ake ndi ofewerapo, n'chifukwa chake makampani ambiri a zida za ntchitoyi ali kumeneko. Kuno ku Malawi, kupezeka ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu womangitsa, ndipo zimene dziko lina limaloleza sizipatsa munthu ufulu uliwonse akadutsa malire.

Nanga bwanji osangogula zakufakitale? Iwo si ndiye akatswiri?

Ndi akatswiri ndithu, ndipo zipolopolo zampikisano za makampani monga Lapua ya ku Finland kapena Norma ya ku Sweden ndi zabwino zedi. Vuto lake n'lakuti fakitale imapangira mfuti zonse za mtundu umodzi nthawi imodzi. Chipolopolo cha .308 Winchester chiyenera kulowa mu mfuti iliyonse ya .308 padziko lapansi, yatsopano kapena yotha, yothina kapena yotakasuka, ndiye amachipanga chocheperako pang'ono kuti chisakanirire. Zili ngati suti yogula yosokasoka poyerekeza ndi yoyezedwa ndi telala: zonse zimavalika, koma imodzi yokha ndi imene inasokedwera thupi lako. Wodzaza pamanja amasankha mutu umene mpope wa mfuti yake umaukonda, amasankha onga, amayeza kutalika kwa chipolopolo kuti chigwirizane ndi chipinda cha mfuti yakeyo, momwe chimakhala chisanawombedwe. Chimene akusaka ndi kufanana, kuti chipolopolo cha nambala 50 chichite ndendende zimene chinachita choyamba. Palinso ena amene alibe kuchitira mwina: akatswiri a benchrest, mpikisano wowombera mfuti itakhazikika patebulo, amagwiritsa ntchito chipolopolo cha 6mm PPC, chimene Lou Palmisano ndi Ferris Pindell anakonza mu 1975 kuchokera ku chigoba cha .220 Russian, ndipo mpaka lero ambiri mwa iwo amaumba okha zigoba zake.

Zimapulumutsa ndalama?

Chipolopolo chimodzi chimatsikadi mtengo, makamaka cha mitundu yosowa. Koma zida zoyambira zimadula, ndipo ambiri akayamba kudzaza amawombera kwambiri kuposa kale, choncho ndalama imene imatuluka m'thumba pachaka sichepa.

Ntchitoyo imayenda bwanji patebulopo?

Chipolopolo chikawombedwa, chigoba chimafufuma n'kutenga maonekedwe a chipinda cha mfuti. Wodzaza amachitsuka, n'kuchiyang'ana ngati chang'aluka, kenako amachipaka mafuta n'kuchikankhira mu chitsulo choumbira chotchedwa die pogwiritsa ntchito makina amanja otchedwa press. Pamenepo chimabwerera mumsinkhu wake ndipo primer yakale imatuluka. Poti mkuwa umatalika pang'onopang'ono, amachiyeza ndi kudula chikapitirira malire. Akatero amaika primer yatsopano, amayeza onga pasikelo motsatira buku, ndipo pomaliza amakhazika mutu pakuya kumene wasankha. Zida zake si zachilendo: kampani ya RCBS inayambitsidwa ndi Fred Huntington ku Oroville, California, mu 1943, ndipo Richard Lee anayamba kugulitsa kachida kake kotsika mtengo ka Lee Loader mu 1958. Koma chida chofunika kuposa zonse ndi buku la miyeso lofalitsidwa ndi opanga onga, mitu kapena zida, monga Vihtavuori, Hodgdon, Sierra, Hornady ndi Lyman, chifukwa miyeso yawo inayesedwa ndi zipangizo zoyezera puresha zimene munthu alibe kunyumba. Chachiwiri ndi kope. Amene salemba zimene wadzaza, pakatha mwezi sadziwa chimene chili m'bokosi lake.

Kodi onga ukachuluka, chipolopolo sichilunjika bwino?

Ili ndi bodza loopsa kuposa onse pankhaniyi. Kuchuluka kwa onga kumawonjezera liwiro pang'ono, koma puresha imakwera msanga kuposa liwirolo. Bungwe la C.I.P., limene limaika malire ku Ulaya, limati .308 Winchester isapitirire ma bar 4,150, ndipo SAAMI ya ku America imati 62,000 psi. Ndi mphamvu yoposa ka 4,000 ya mpweya umene watizungulirawu, ndipo zikuchitikira pafupi ndi tsaya la munthu. N'chifukwa chake mabuku onse amalamula kuyambira pa muyeso wotsika, n'kumakwera pang'onopang'ono, osadutsa malire olembedwa. Ambiri amadzinamiza kuti malinga ngati primer sinaphwatalale ndipo chotsekera mfuti chikutseguka mosavuta, zonse zili bwino. Zizindikiro zimenezi zimachedwa kuoneka, mwina puresha itadutsa kale malire. Komanso muyeso umene unayenda bwino m'nyengo yozizira ukhoza kuvuta tsiku lotentha, zipolopolo zitakhalitsa padzuwa. Ndipo kulunjika kwabwino kawirikawiri kumapezeka munthu asanafike pamalire.

Ngozi zenizeni zimachokera pati?

Zambiri zimachokera ku kusokonezeka maganizo. Yaikulu ndi kuthira onga wa mfuti yaing'ono yam'manja, wopsa msanga uja, m'chigoba cha mfuti yaitali: mfutiyo imatha kuphulika. Pa chifukwa chimenechi odzaza osamala amaika chitini chimodzi chokha cha onga patebulo, ndipo onga wosadziwika dzina amautaya. Ngozi ina ndi chipolopolo chimene chaiwalika kuthiridwa onga. Primer yokha imakankha mutu n'kuusiya pakati pa mpope, ndiye wina akawombera chachiwiri pambuyo pake, mpope umatupa kapena kung'ambika. Kulira kwa mfuti kukamveka kofooka, wowombera ayenera kuima n'kuyang'ana mumpope. Palinso ngozi yosaoneka ya mtovu, umene uli m'mitu ndi m'ma primer ambiri, ndipo fumbi lake limawononga ubongo, makamaka wa ana. Kusamba m'manja, kusadyera patebulopo, kuvala magalasi oteteza maso ndi kutsekera zonse kutali ndi ana ndi mbali ya ntchitoyo.

Chigoba chimodzi chingadzazidwe kangati?

Palibe nambala imodzi. Chigoba chabwino, chosapanikizidwa ndi puresha yambiri, chimatha kupitirira maulendo 10. Chimatha pamene khosi lake lauma n'kung'aluka, pamene dzenje la primer latakasuka, kapena pamene chaonda pafupi ndi thako, zimene zimaoneka ngati kamzere kowala kozungulira. Chimenechi chikhoza kuduka pakati mu mfuti, ndiye n'chotaya. Ena amatenthetsa khosi lokha pamoto woyezedwa kuti mkuwa ufewenso, koma thako siliyenera kufewa ngakhale pang'ono. Si zigoba zonse zimene zimadzazika mosavuta. Pali mitundu iwiri ya primer, yonse ya m'zaka za m'ma 1860: ya Edward Boxer wa ku Britain, yokhala ndi bowo limodzi pakati pa chigoba, ndi ya Hiram Berdan wa ku America, imene nthawi zambiri imakhala ndi timabowo tiwiri m'mbali. Ya Boxer imachoka ndi kukankha kamodzi, ndipo ndi imene odzaza amafuna. Zigoba zambiri zachisilikali, makamaka zachitsulo zochokera kum'mawa kwa Ulaya, ndi za Berdan ndipo ochita masewera sazitola n'komwe.

"Kulunjika bwino" amakuyeza bwanji?

Poyesa zipolopolo sayang'ana ngati zamenya pakati pa chandamale, chifukwa zimenezo amakonza potembenuza galasi loonera. Amayang'ana mmene mabowo aunjikirana. Amawombera kangapo pamalo amodzi, mfuti itakhazikika pa zotsamiritsa, n'kuyeza mtunda wa pakati pa mabowo awiri otalikirana kwambiri. Muyeso wodziwika ndi MOA, womwe ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri: pa mamita 100 ndi mamilimita 29, pa mamita 300 ndi pafupifupi 87. Mfuti imene imaunjika mabowo m'kati mwa MOA imodzi nthawi zonse ndi yabwino. Akatswiri a benchrest ali kutali zedi ndi pamenepo. Mu 1973 Mac McMillan anawombera zipolopolo 5 pa mayadi 100 ndi .222 Remington, gulu lake n'kuyezedwa mainchesi 0.009, osakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita. Mbiriyo inakhala zaka 40 mpaka Mike Stinnett anaiphwanya mu 2013 ndi 0.0077. Koma mpikisano wa benchrest supambanidwa ndi gulu limodzi. Amaphatikiza magulu 5 a zipolopolo zisanuzisanu pa mayadi 100 ndi ena 5 pa mayadi 200, n'kutenga avereji yake.

Ndikawombera katatu, zonse n'kulowa bowo limodzi, si ndiye kuti ndapeza muyeso woyenera?

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya miyezi ndi ndalama, ndipo ine ndimaona kuti ili ndiye funso lalikulu m'nkhani yonseyi. Zipolopolo zimabalalika mwamwayi. Ngakhale mfuti ndi zipolopolo zikhale zomwezo, gulu lina limatuluka laling'ono, lina lalikulu, popanda chimene chasintha. Masamu ake ndi akale: Frank Grubbs, katswiri wa ziwerengero amene ankagwira ntchito kumalo oyesera zida a asilikali a America ku Aberdeen, anawalemba m'kabuku kake ka 1964. Masamuwo amasonyeza kuti pa mfuti imodzimodziyo, gulu la zipolopolo 5 limakula pafupifupi ka 1.3 poyerekeza ndi la zitatu, ndipo la 10 limakula pafupifupi ka 1.6. Choncho munthu wonena kuti mfuti yake imaunjika mamilimita 15 sananene kanthu ngati sanatchule kuti anawombera zingati. Amasonyezanso kuti mfuti imene avereji yake ndi mamilimita 25 pa zipolopolo 5 imatulutsa magulu oyambira cha m'ma 15 mpaka cha m'ma 35 mwachizolowezi.

Tsono taganizirani munthu amene wadzaza miyeso 8 yosiyana, zitatuzitatu, n'kupita nazo kukayesa. Mwa magulu 8 amenewo limodzi lidzakhala laling'ono kuposa anzake, ndipo likanakhalapo ngakhale miyeso yonse ikanakhala imodzi. Iye amalijambula, n'kulisunga m'chikwama, n'kunena kuti wapeza chinsinsi cha mfuti yake. Sabata yotsatira muyeso womwewo ukabalalika, amanamizira mphepo, kapena amati bowo lakutalilo linali "lothawa" ndipo saliwerengera. Kuchotsa bowo limene silikusangalatsa ndi kudzibera wekha. Bowo limachotsedwa pokhapokha wowomberayo atanena kuti dzanja linagwedezeka, ndipo anene asanaone pamene chamenya. Akatswiri a sayansi ya kauluke ka zipolopolo, monga Bryan Litz wa Applied Ballistics ndi mainjiniya a Hornady, atabwereza mayeso otere ndi zipolopolo makumimakumi, anapeza kuti kusiyana kwambiri kumene kumaoneka pa magulu aang'ono kumazimiririka zipolopolo zikachuluka.

Nanga njira zotchuka za ladder test ndi OCW n'zachabe?

Ladder test, imene inatchuka kudzera mwa Creighton Audette, imati munthu awombere chipolopolo chimodzi pa muyeso uliwonse, onga ukuwonjezeka pang'onopang'ono, pa mtunda wautali ngati mayadi 300, n'kuona pamene mabowo oyandikana aima pamzere umodzi. OCW ya Dan Newberry imawombera zitatuzitatu mozungulira, chimodzi pa chandamale chilichonse, kuti kutentha kwa mpope ndi kusintha kwa mphepo zigawidwe mofanana. Maganizo a njira zonsezi ndi akuti mpope umanjenjemera chipolopolo chikamadutsa, ndipo pali liwiro lina limene mutu umatuluka pa nthawi yabwino. Kunjenjemerako kulipodi, ndipo akatswiri ambiri apambana mipikisano atatsatira njirazi. Mkangano uli pakuti zipolopolo 10 kapena 20 zingathe kuonetsa malo abwinowo kapena ayi. Ine ndimaziona ngati njira zabwino zoonera mosamala mmene puresha ndi liwiro zikukwerera, komanso zochepetsera zoyesa. Koma chimene zaloza chiyenera kubwerezedwa tsiku lina ndi zipolopolo zosachepera 20, mabowo onse akuwerengedwa. Ndipo m'malo moyeza mabowo awiri akumapeto okha, ndi bwino kuyeza mtunda wa bowo lililonse kuchokera pakati pa gulu n'kutenga avereji, chifukwa pamenepo chipolopolo chilichonse chanenapo zake.

Makina oyezera liwiro ndi ofunikadi?

Pa mamita 100 sathandiza kwenikweni. Pa mtunda wautali ndi ofunika kwambiri. Mutu wa ma grain 155, pafupifupi magalamu 10, umatuluka mu .308 yampikisano pa liwiro la mamita pafupifupi 900 pa sekondi. Zipolopolo ziwiri zikasiyana mamita 3 pa sekondi, pa mamita 100 kusiyanako sikukwana milimita imodzi, koma pa mayadi 1,000, omwe ndi mamita 914, chochedwacho chimagwera m'munsi ndi masentimita pafupifupi 6. Pampikisano wa F-Class, umene unatenga dzina kwa George Farquharson wa ku Canada, kabwalo kapakati ka chandamale pa mtunda umenewo n'kotambalala masentimita pafupifupi 13 okha. Ndiye gulu lokongola pafupi likhoza kukhala lotalika choimirira patali. Makina akale ankayeza mthunzi wa chipolopolo podutsa, ndipo ankavuta mitambo ikasintha. Atsopano monga LabRadar ndi Garmin Xero amagwiritsa ntchito radar. Nawonso amafuna zipolopolo zambiri: liwiro la zisanu zokha likhoza kuoneka lofanana mwamwayi.

Ngati zili choncho, onse opambana mipikisano amadzaza okha?

Ayi. Ku Bisley ku England, kumene bungwe la National Rifle Association la ku Britain linasamukira mu 1890 kuchoka ku Wimbledon, opikisana pa King's Prize amapatsidwa zipolopolo zofanana zakufakitale, kuti apambane ndi luso lowerenga mphepo ndi kugwira mfuti. Ku Olympics, mfuti ya mamita 50 imagwiritsa ntchito .22 Long Rifle, imene moto wake uli m'mphepete mwa chigoba ndipo sidzazidwanso. Akatswiri ake amatenga mfuti zawo kupita kumalo oyesera a makampani monga Eley ku Birmingham, n'kukayesa magulu osiyanasiyana a zipolopolo mpaka atapeza logwirizana ndi mpope wawo, chifukwa bwalo la mapointi 10 n'lotambalala mamilimita 10.4 okha. Kumene kudzaza pamanja kwazika mizu ndi ku benchrest ndi F-Class, komanso pakati pa ambiri owombera patali, kuphatikizapo a South African Bisley Union amene amakumana pabwalo la General de Wet ku Bloemfontein.

Mnzanga ali ndi mfuti yofanana ndi yanga. Ndingangotengera muyeso wake?

Musatero. Mfuti ziwiri za kampani imodzi zimasiyana m'chipinda, m'khosi la mpope ndi m'kuthina kwake, ndipo muyeso wotetezeka mwa ina ukhoza kudutsa malire mwa inzake. Ngakhale pa mfuti yanu yomwe, kusintha mtundu wa chigoba, primer, mutu, kapena kutsegula chitini cha onga cha gulu lina, kumafuna kubwerera pansi n'kuyambanso kukwera. Miyeso yopezeka pa intaneti yopanda buku loichitira umboni ndi yoyenera kuikayikira, ngakhale woilembayo atatchuka chotani.

Ndiye kuyesa kumatha liti?

Mpope suli wamuyaya. Chipolopolo chilichonse chimawotcha khosi lake pang'ono. Wa .308 umatha kupirira zikwi zingapo usanayambe kubalalitsa, pomwe mipope ya zipolopolo zothamanga kwambiri, zokhala ndi onga wambiri pa bowo laling'ono, imatha msanga kuposa pamenepo. Khosi likamadyeka, mtunda umene mutu umadumpha usanagwire mizere ya mumpope umakula, choncho kuya kumene munapeza mpope uli watsopano sikukhala komweko mpaka kale. Munthu amene wawononga zipolopolo 500 posaka kusiyana kwa mamilimita 2 wadya gawo lalikulu la moyo wa mpope wake, ndipo mfuti imene ankayesa poyamba siilinso chimodzimodzi. Zinthu zimene zimasintha kwambiri zotsatira n'zochepa: mpope wabwino, mutu wabwino wogwirizana ndi kupotoka kwa mizere yake, onga woyenera chipolopolocho, ndi kudzaza mofanana. Zimenezi zikakhala m'malo, ndipo gulu la zipolopolo 20 likulowa bwinobwino m'bwalo lapakati la chandamale cha mpikisano wanu, kuyesa kwakwana. Pa mayadi 1,000, mphepo yam'mbali ya makilomita 16 pa ola imakankha mutu wa .308 mamita opitirira 2, ndipo kuiphonya ndi makilomita 2 okha pa ola kumasuntha bowo masentimita pafupifupi 30. Zipolopolo zotsalazo zipite ku kuphunzira mphepo imeneyo.